Jekete ya Bonifasi

Ketilina ankachokera kudimba, khasu paphewa, pamene anaona mwamuna wake ataima m'munda wa thonje. Jekete yabulauni ija, chipewa chopendekera kumanzere, atafulatira njira. Mwamuna wakeyo, Bonifasi, anamuika m'manda mwezi wathawu, koma pakamwa panangoitana pokha: "Atate a Dailes?"

Munthuyo anacheuka. Anali Ackim, dalaivala wa anthu a filimu.

Anthuwa anachokera ku Lusaka kudzajambula filimu yonena za Dailes, mwana wa Ketilina, amene zithunzi zake akuti amazipachika m'nyumba zazikulu kunja kwa dziko. Chotchuka kwambiri chinali cha atate ake ali m'thonje kuno ku Madzimoyo, atafulatira. Tsono Malcolm, mkulu wa filimuyo, ankafuna anthu aone mmene Dailes anachijambulira. Poti mwini msana kulibe, anangobwereka msana wina.

Mkwiyo unamukwera Ketilina mpaka m'makutu. Zovala za malemu zinali zomanga mumtolo, kudikira abale adzagawe. Iye mwini, mkazi wa m'nyumba, anali asanazikhudze, ngakhale masiku amene ankalakalaka fungo la mwamuna wake.

"Wamasula mtolo ndani?"

"Ndine, amai," anayankha Dailes. "Ni filimu chabe. Tibweza abale asanadziwe."

"Chabe? Ndaitana atate ako pano, ndi pakamwa pangapa. Wandicheukira dalaivala."

Malcolm anayandikira ndi kumwetulira kuja kwa ogula thonje. "Amai, tikuwalemekeza. Dziko lonse liwaona."

"Liona msana wa dalaivala wanu." Anatembenukira kwa Ackim. "Vulani, bambo."

Ackim anavula msangamsanga, maso pansi. Ketilina analanda jeketeyo. Inali yofunda, thukuta la mlendo litanyowetsa kale kolala. Anainunkhiza. Fungo la fodya wa Bonifasi munalibe, munangotsala sopo wa m'tauni. Apa mpamene anasweka mtima. Anaikumbatira pachifuwa nkuyamba kulira mokweza pakati pa thonje, osalabada kuti pali alendo.

M'misozi momwemo anaona Dailes akubwera, nayenso akulira. Anaganiza kuti mwana akudzagwada, ndipo dzanja lake linayamba kale kumutambasukira. Koma Dailes anaima chapatali. Anayang'ana dzuwa, nkusuntha pang'ono kuti likhale kumbuyo kwake, kamera yake ili m'manja.

Kenako Ketilina anamva kamera ikuti tcha.