Mabotolo Atatu a Bapak Harjo

Danang anali atakhoma kale zikhomo m'dimba la kuseri pamene mlongo wake Gendis anatuluka ndi matambula otsuka. Mikeka ya mapemphero a maliro inali isanapindidwe n'komwe.

"Mas Danang, achimwene anga, dothi la pamanda a Bapak silinaume, inu mwayamba kale kuyeza malo?"

"Wogula akufuna kumangapo sitolo, sadikira." Danang anaponda tsamba lalitali. "Udzu uwu watidyera zaka. Wachiritsa ndani?"

Bambo awo, Bapak Harjo, ankaphunzitsa zamankhwala kuyunivesite. M'dimbamo ankalima muzu wina wachikasu n'kumaufinya madzi. Ankakhulupirira kuti umafewetsa minofu yokungika ndi kuziziritsa ululu, koma anamwalira asanauyese. Anasiya mabotolo atatu ofanana: la madzi wamba, la mankhwala odziwika akuchipatala, ndi la muzu wake. Anawamanga ulusi woyera, wofiira ndi wakuda, osauza munthu kuti liti ndi liti, ngakhale Gendis amene ankagwira naye ntchito. Ankati woyesa akadziwiratu, maso ake amakondera. Mkulu ameneyo anali wamakani, tonse a m'mudzimo tikudziwa.

"Chinsinsi apita nacho," anatero Danang. "Ukafunsa ndani tsopano, mbewa?"

"Eya, mbewa. Ndipatseni mpaka Lachisanu."

Mayi awo, Ibu Sulastri, ankasenda adyo pakhonde. "Mpatse," anatero osadzutsa mutu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ku labotale, Gendis anagawa mbewa zoyera m'magulu atatu, n'kumwetsa gulu lililonse za m'botolo lake. Anaziika pa kamtengo kozungulira, pomwe mbewa yofewa minofu sichedwa kugwa, kenako pa mbale yofunda, pomwe yomva ululu imanyambita phazi msanga. Za ulusi woyera zinakakamira kamtengo, ndipo pambale zinadumpha pompo. Za wofiira zinagwa, pambale n'kukhala duu. Gendis anatembenukira ku gulu lachitatu. Za wakuda zikakakamira, ndiye kuti agwira ntchito ndi mankhwala akuchipatala okha, dimba lapita. Anaika yoyamba. Inagwa. Inzake inagwanso, ndipo zotsalazo zinangoyoyoka ngati mango akupsa. Pambale nazo sizinatekeseke.

Lachisanu Gendis anafika pa njinga yamoto, n'kuthamangira kuseri chipewa chili kumutu.

"Awiri agwira, Mas! Wofiira ndi wakuda!"

"Nanga la muzu ndi liti?"

"Sindikudziwa, ndipo lero zilibe kanthu. Mabotolo ndi atatu. Madzi wamba angagwetse mbewa?"

Danang anayang'ana zala zake, milomo ikuyenda. Kenako anaphulika kuseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira, mwamuna wamkuluyo ali chiimire pakati pa masamba.

"Mdala uja! Watigonjetsa ali gone!"

"Musajijirike, pa anthu sitinayese. Ntchito ikadalipo, ndipo ifuna muzu wambiri."

"Ndiye ukuimiranji pamenepo? Gwira uko."

Anazula zikhomo zija awiriwiri, Danang akuziponya kutali ngati anazikhoma ndi wina.

M'mawa mwake onse atatu anapita kumanda ndi maluwa ndi ketulo ya madzi. Atamwaza maluwa, Danang anafunsa chapansipansi: "Ibu, ndi msana wawo wowawa uja, Bapak sankamwako mobisa?"

"Ngakhale dontho. Ankabuula pomanga nsapato, ine n'kumawapempha kuti angolawa. Iwo ankati, Lastri, mbewa ziyambe zayankhula."

Ibu Sulastri anagwada, nakumba kadzenje ndi chala kumutu kwa manda. Anatulutsa kachidutswa ka muzu wachikasu m'mpango wawo, n'kukakwirira bwinobwino, n'kuthirapo madzi otsala m'ketulo.

"Zayankhula, Pak," anatero kwa malemu mwamuna wawo, akupukuta manja.