Bokosi la Ivonete

Mlongo wanga Lindomar sanakwere pa ndale ndi luso la pakamwa ayi, anakwerera pa ana a eni. Kwathu kuno kouma, ukagwira mwana wa munthu pa ubatizo, iwe ndi makolo ake mumasanduka makompadre mpaka imfa, ndipo kompadre savotera mlendo. Lindomar anagwira ana mpaka mkono kuwawa. Lamulungu lililonse ali pa tchalitchi china, jekete yoyera, kakhanda kakumulirira pachifuwa. Ukhansala anaupeza choncho, uphungu wa m'chigawo choncho, mapeto ake bwanamkubwa anamupatsa unduna wa zamadzi. Ine Zuleide, amene ndinkamupukuta mamina ali mwana, ndinkamusungira nyumba mumzinda, poti mkazi anamuthawa kalekale.

Kompadre wake woyamba anali Deusdete, woweta mbuzi wa ku Várzea do Mocó. Ndiye ankamuyendetsa pa bulu khomo ndi khomo pa kampeni yoyamba ija, Lindomar alibe ndi malaya osinthira omwe. Ana onse a Deusdete anawagwira ndi Lindomar, mpaka chitsirizira, kamtsikana kotchedwa Ivonete.

Pa chisankho chapitachi anthu a ku Mocó anavotera mbali ina, chifukwa chitsime chimene analonjezedwa chinathera pakamwa. Kenako chilala chinafika. Madamu anang'aluka, ng'ombe zinkangogwa m'misewu. Midzi inkakhalira magalimoto a boma onyamula madzi, ndipo wonena kuti galimoto ilowere kuti anali Lindomar.

Tsiku lina anthu a bwanamkubwa anabwera kudzadya nkhomaliro. Ndikuwagawira nyemba ndi nyama yofutsa, mmodzi wamimba ngati mgolo anati, "A ku Mocó aja ayambe alawako ludzu, adziwe mwini madzi."

Onse anaseka. Lindomar naye anaseka, kenako anati, "Chabwino, koma milungu ingapo yokha."

Atachoka ndinamukalipira. "Iwe, wapenga? Kumeneko kuli ana ako aubatizo!"

"Achemwali, ndale zisiyeni, simuzidziwa. Ali ndi dziwe lija, sangafe."

Milungu ingapo ija inakhala miyezi. M'mawa wina ndinaona munthu ataima pa geti, chipewa chachikopa m'manja, fumbi mpaka m'nsidze. Anali Deusdete. Lindomar anasuzumira pa zenera n'kubwerera msangamsanga.

"Muwauze kuti ndapita kale ku ofesi."

"Kawauze wekha, ine sindine galu wako," ndinatero, n'kukatsegula.

Deusdete analowa mwaulemu, akupukuta nsapato pakhomo kambirimbiri. Lindomar anatambasula manja, mawu ake a pa msonkhano aja atabwera. "Kompadre wanga! Khalani pansi, mumwe khofi. Nkhani ya madzi ija tikuiyendetsa..."

"Pepani pokulawirirani, kompadre. Sindinabwerere za madzi. Ndabwerera bokosi. Mwana wanu Ivonete watisiya dzulo. M'mimba. Madzi a padziwe paja asanduka phala, ndipo mbuzi zikumwa pomwepo."

Sanabwere kudzamuimba mlandu, ayi. Wamkulu wosauka atha kupita kumanda m'machira ake ogonamo, koma bokosi la mwana amagula ndi bambo wa ubatizo, ndipo kumulumpha n'kumunyoza. Deusdete anayenda ulendo wonsewo pa lole ya makala kuti asanyoze kompadre wake.

Lindomar anayera ngati ufa wa chinangwa. Anathamangira pa foni, ndinamumva akukuwa, "Panopa! Idzazeni galimotoyo, inyamuke panopa!" Ha, kani zinali zophweka chonchi. Mawu ochepa chabe pa foni. Mtima unandiwira moti ndinalakalaka kumumenya ndi chiwaya.

Tinapita, galimoto ya madzi patsogolo, ife pambuyo tikudya fumbi lake. Kabokosi kamene Lindomar anagula, kobiriwira ngati thambo, ndinakanyamula pamiyendo, kopepuka zomvetsa mantha. Njira yonse Deusdete ankayesa kucheza, akuonetsa Lindomar minda youma ya uje ndi uje, ndiponso pamene bulu uja anawagwetsera onse awiri m'minga.

Nduna ikafika pamudzi timaphulitsa makombola. Tsiku limenelo panalibe. Anthu anangothamangira kumbuyo kwa galimoto ndi zitini, mapoto, ngakhale zipewa, osatiyang'ana n'komwe. Amayi ankamwetsa ana pomwepo, madzi akutayikira m'zifuwa.

M'nyumba, Ivonete anali atamugoneka pa tebulo, maluwa a mapepala kumutu, maso atamusiya otsegula monga timachitira ndi ana, kuti kamngelo kaone njira. Mayi ake, Neuza, anagwira dzanja la Lindomar ndi manja awiri.

"Sindinamusambitse, kompadre. Sindikanatha kumusambitsa ndi matope omwe amupha aja. Ndinati ndidikire."

Anatenga chitini choyamba cha madzi a m'galimoto n'kuyamba ndi timapazi. Lindomar anatuluka panja. Ine ndinamutsatira, osati pomumvera chisoni, koma kuti asathawire m'galimoto.

Panjapo panali mkulu wina wapakamwa, Epitácio, atatsamira mpanda ndi chitini chake chodzaza. Analavula pansi.

"Kani galimoto ya madzi imaidziwa njira ya ku Mocó? Tikanadziwa kuti imaitanidwa ndi maliro, bwenzi titayamba kale kufa."

Ena anang'ung'udza movomereza. Ndinati m'mtima, eya, muuzeni, amve.

Koma Deusdete anatuluka m'nyumba. Munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu anamuloza Epitácio kumaso.

"Tseka pakamwa pako, nkhalamba iwe! Pa maliro a mwana wanga usanyoze kompadre wanga. Ndinakuuzani nonse kuti ndi agalu a bwanamkubwa amene akumubisira za ludzu lathu. Taonani, wangomva m'mawa uno, madzi si awa? Akanadziwa, akanatumiza kalekale!"

Anatembenukira kwa Lindomar, misozi ikudula mizere m'fumbi la kumaso kwake.

"Auzeni nokha, kompadre, amve ndi makutu awo. Simunkadziwa, eti?"

Madzi anali akuthiridwabe m'zitini. Lindomar anandiyang'ana ine. Sindinamuthandize, sindinamuletse. Ndinangomuyang'ananso, manyazi akundiotcha ngati ndine ndinaseka nawo pa tebulo paja.

Deusdete ankadikirabe, atamugwira mkono.

"Sindinkadziwa, kompadre," anatero Lindomar.

Deusdete anamukumbatira mwamphamvu, akulira pa jekete yoyera ija. "Mwamva? Mwamva nonse?" Kenako anamukokera m'nyumba kuti akanyamule bokosi kutsogolo.