Matayala Ophwa pa Mchenga

Ambulasi inaima pomwe msewu wouma umathera, ndipo dalaivala ananena pafoni mosabisa: "Mumchengamo sindilowa. Bwerani nayeni kuno, msanga."

Msanga! Kuchokera kunyumba kwa Petros kukafika kumsewuko unali mchenga wokhawokha, wotentha ndi dzuwa la Okutobala. Tamara, mkazi wake, matenda anali atamuyamba m'mawa mwezi usanakwane, akutaya magazi, mwana m'mimbamo ali zii. Panjinga sakanatha kukhala.

Chomwe chinalipo ndi ngolo yomwe Petros ankatutira usipa kuchoka kunyanja, ya matayala awiri a njinga yamoto. Azimayi anayalapo matiresi n'kumugoneka Tamara. Petros anaima patali pansi pa mtengo wa mango, paja mwamuna sayandikira mkazi wake matenda akayamba. Komanso pangolopo panali apongozi ake, a Fagness, omwe zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati sanayankhulanepo naye maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire.

Amene anagwira ngolo anali mlamu wa Petros, Aubrey, wa kabaza. Munthu wabwino Aubrey, koma nzeru zake n'zapamsewu basi. Ataona matayala ali ofewa, anatenga pampu yake n'kuwapopa mpaka gwa! Sankadziwa kuti Petros amawasiya ofewa dala.

Sanapite patali, ngolo inatitimira mpaka m'masipoko. Aubrey anakankha, azimayi anakankha, matayala akungocheka mchenga n'kumalowa pansi. Tamara anabuula.

"Alamu, phwetsani matayalawo!" anakuwa Petros ali kumtengo kuja.

"Ndiphwetse? Mutu ukuyenda koma? Tayala lophwa linayendapo kuti?" anayankha Aubrey, nakankhanso ndi mphamvu zake zonse. Ngolo inapendekeka, azimayi n'kukuwa.

Foni ya Petros inalira. Anali dalaivala uja. "Bambo, muno ndili ndi wodwala wina wa ku Golomoti, nayenso zavuta. Mphindi khumi zikatha ndanyamuka."

Petros anangozindikira akuthamanga.

"Iii, mwamuna! Bwererani!" anatero mayi wina. A Fagness anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyang'ana kumbali. Petros sanabwerere. Anagwada patayala atafulatira mkazi wake, natola kamtengo n'kubaya pavalavu. Mpweya unatuluka, tayala linaphwa n'kukhala pamchenga ngati phazi. Anatero ndi linalo, kenaka anafukula mchenga ndi manja kutsogolo kwa matayala onse awiri.

Anayesa kugwedeza ngolo. Inasuntha pang'ono n'kumiranso. Munthu ndi matiresi si usipa, matayala aja anali ochepabe m'lifupi. Pansi pa ngolo panali saka limodzi. Analipinda, nalikulunga kuzungulira tayala lakumanja, nalimanga ndi malegeni podutsitsa m'masipoko. Mfundo yoyamba inamasuka, anamanganso akutukwana chamumtima.

Nanga tayala lakumanzere? Anavula malaya, koma sanakwane ngakhale theka. Anayang'ana uku ndi uku, panalibe kanthu. Ngakhale pamenepo pakamwa pake panakana kuyankhula ndi apongozi.

"Alamu," anatero akuyang'ana pansi, "auzeni amayi kuti ndikufuna nsalu."

Aubrey asanatsegule pakamwa, chitenje chinagwera paphewa la Petros. Chinali chomwe chija a Fagness anaphimba nacho nkhope.

"Mangani, bambo. Mangani msanga," anatero iwo.

Petros anachipota n'kuchimanga patayala lija. Aubrey anapita kumbuyo kuti akankhe.

"Ayi! Pamchenga sitikankha, timakoka. Inu muzingodzutsa kumbuyoko."

Petros anakoleka chingwe cha ngoloyo pachifuwa n'kuwerama. Ngolo inakana, inakana, kenaka inatuluka m'dzenje muja n'kuyamba kuyenda pamwamba pa mchenga. Patapata mmodzi anaduka, iye n'kutaya winayo. Mchenga unkawotcha mapazi, chingwe chikudya khungu, koma sanaime, poti ngolo ikaima pamchenga imamira. Kumbuyo ankamva a Fagness akuitana, "Tamara, usagone mwanawe, ndiyankhe!" Nthawi zina Tamara ankayankha, nthawi zina ayi. Petros ankafunitsitsa kucheuka, koma sanacheuke.

Atatulukira pa mitengo ya migwalangwa, anaona utsi kumbuyo kwa ambulasi. Dalaivala anali atailiza kale. Aubrey anasiya ngolo n'kuthamanga akukupiza manja, akukuwa ngati wamisala. Galimoto inasuntha pang'ono, kenaka inaima, chitseko chakumbuyo n'kutseguka.

Namwino ndi azimayi anamunyamula Tamara. Petros anabwerera m'mbuyo, chifuwa chili pamtunda, mapazi atatuluka matuza, maso ali pansi. A Fagness anakwera, koma anagwira chitseko kuti dalaivala asatseke.

"A Petros," anaitana. Aka kanali koyamba kumva dzina lake pakamwa pawo. "Senderani kuno. Akukufunani."

Anasendera. Tamara anali atayera milomo, maso ali otseka. Anafufuza dzanja la mwamuna wake, lodzaza mchenga lomwelo, n'kuliika pamimba pake.

"Mwamumva?" ananong'ona. "Wasuntha."