Chimbale cha Makwerero Chatsika

Mabanja ena amakangana za mchere kapena za rimoti. Ife timakangana za zimbale zisanu ndi chimodzi za woimba gitala wina amene timangomutchula kuti Chindevu. Mkuluyu ankaimba m'gulu la roko, roko ija ya nyimbo zazitali, yoti ukaika nyimbo imodzi utsuka mbale, ukolopa, ubwerera, iyo ikadali pa malonje. Atatopa ndi anzake anayamba kutulutsa zimbale payekha, ndipo zonse zili pa shelefu ya pabalaza pathu. Siziikidwa mwachisawawa. Chokoma kwambiri chimakhala koyambirira, chosakoma kumapeto, pafupi ndi mphika wa maluwa.

Mayina a zimbalezi ndi opinda lilime, ndiye timazitchula ndi zithunzi za pachikuto: cha Makwerero, cha Kavalo, Chobiriwira, cha Wotchi, cha Mazira, ndi cha Jekete, chimene Chindevu anayesa kuimba ndi pakamwa. Mulungu amukhululukire.

Amuna anga ndi kalipentala. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu za ukwati wathu ndaona Kavalo akukwera, Wotchi ikutsika, Mazira akungoyendayenda ngati alibe kwawo. Koma cha Makwerero sichinasunthepo pamalo oyamba. Ndi chimene anandibwereka tili pachibwenzi, n'kumabwera Loweruka lililonse kudzafunsa ngati ndamaliza kumvetsera. Ine ndinkachedwa dala.

Ndiye Lamlungu lina masana, ndikupukuta fumbi, ndinapeza cha Makwerero chili kumapeto, kuseri kwa cha Jekete.

"Bambo a ana, wasokoneza apa ndani?"

Anali pa sofa, mahedifoni kumutu. Ndi mmene amamvetserera chibadwire mwana wa aneba athu a khoma limodzi. Ndinawagwedeza phewa n'kufunsanso.

"Ndine," anatero. "Mulibe kanthu m'menemo. Ng'oma ndi kiyibodi basi. Gitala ikumveka ngati akuimbira m'bafa la aneba."

"Makwerero? Mpaka kupambanidwa ndi Jekete?"

"Munthu amakula, mayi. Zina umazikonda chifukwa cha chibwana."

Mawu amenewo anandibaya. Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Kwa miyezi ingapo bambowa anali atayamba kundinyalanyaza. Ndikawalankhula pa sofa, zii. M'basi, zii. Tsopano atopanso ndi chimbale cha pachibwenzi chathu. Mutu wanga sunachedwe: lero ndi Makwerero, mawa ndine pafupi ndi mphika wa maluwa. Ndinachita mantha, sindibisa.

Lolemba atapita kuntchito ndinati ndidzimvere ndekha chimene chawatopetsa. Ndinavala mahedifoni awo onunkha utuchi n'kuika Makwerero. Gitala inalimo, yonenepa bwino. Pakati pa nyimbo yachiwiri khutu lakumanzere linandiyabwa, ndiye ndinatukula mbali imeneyo kuti ndikande. Gitala inasowa, kunatsala ng'oma ndi kiyibodi. Nditabwezera, inabwerera. Ndinayesa cha Jekete, cha Kavalo, zonse. M'zimenezo makutu awiri amagawana mofanana. Pa Makwerero pokha ndi pamene Chindevu, ndi misala yake ya unyamata, anaunjika gitala yonse kukhutu lakumanzere lokha.

Ndinakhala pansi mahedifoni ali m'manja. Munthu uyu wapala matabwa zaka makumi atatu pa makina olira ngati ndege, ndipo zotseka m'makutu amati n'za anthu osalimba. Ndinamva chisoni, komanso, ndinene zoona, mtima unakhala pansi. Sanali atatopa nane. Khutu ndi limene linali litapuma pantchito osatsanzika.

Ataweruka sindinadikire kuti asambe.

"Khalani apa. Mlandu wa Makwerero uja ndachita apilo."

"Woweruza ndi yemwe uja, mayi."

"Mboni ndi yatsopano."

Ndinawaveka mahedifoni motembenuza, mbali yakumanzere kukhutu lakumanja. Anafuna kukonza, ine ndinawamenya dzanja. Ng'oma zinayamba, iwo akundiyang'ana ngati ndikuwatayira nthawi. Kenako gitala inalowa. Maso anatong'oka, chala chinayamba kugunda pabondo. Anamvetsera mphindi zonse khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ine nditaima pambali, madzi akuwira mpaka kutha m'ketulo.

"Mwaikonza bwanji?" anafunsa atavula.

"Sindinakonze kanthu. Ndangoisamutsira kukhutu limene likugwira ntchito."

Anayang'ana pansi, akuchotsa utuchi pa buluku.

"Ndimadziwa kuti likuchita ulesi," anatero. "Chaka chatha ndinayamba kuika foni kumanja. Ndimati ndikapanda kunena libwerera lokha. Koma kuti lingandibere Makwerero, ayi, sindinaganize."

"Ndiye munaona kuti bola kunamizira Chindevu?"

"Iyeyo sangamve."

"Mwafanana."

Anaseka mpaka kupukuta m'maso, ndipo sindinafunse ngati misoziyo inali ya kuseka kokha.

"Mawa tipita kuchipatala akakuyezeni," ndinatero. "Ndipo zotseka m'makutu muzivala, latsalali ndi langa."

"Tipita."

Sanatsutse, chinthu chachilendo kwa iwo. Anadzuka n'kubwezera chimbale chija pamalo oyamba, Jekete n'kumukankhira kwawo. Atabwerera pa sofa ndinakhala pamalo panga pa masiku onse, kumanzere kwawo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso malowo.

"Miyezi yonseyi mwakhala mukundiuza chiyani mbali imeneyi?"

"Zambiri. Kwina kunali kukutukwanani."

"Nanga zinazo?"

Ndinanyamuka, n'kuzungulira katebulo, n'kukaima kumanja kwawo.

"Sunthani pang'ono," ndinatero. "Ndiyambirenso."