Uchi wa Bambo ndi Matimati a Mng'ono Wawo

Mtsikana wina ankagwira ntchito m'labotale yoyeza zakudya, ndipo bambo ake, mlimi wa njuchi, ankamutcha Dokotala wa Uchi, chonsecho sanachizepo ndi ntchentche yomwe. Tsiku lina bambowo anabwera okha ndi botolo la uchi wawo, atatchena jekete, kuti makina avomereze zimene lilime lawo linkadziwa kale.

Komatu makina sanyengerera munthu. Pa kompyuta panatuluka mzere umene unadumpha n'kusongoka, kusonyeza kuti mu uchimo munali mankhwala ophera tizilombo.

"Ndi mng'ono wanga ameneyo!" anakuwa bambowo, mpaka anzake a Dokotala anasuzumira pakhomo. "Matimati ake ali kuseri kwa ming'oma yanga, ndipo amapopera ngati akuzimitsa moto. Lero andidziwa!"

Anawadziwadi. Madzulo bambo anaima pampanda n'kulalata, amvekere, "Wandiphera uchi, iwe si m'bale wanga!" Bambo aang'onowo, munthu wofatsa ngati nkhosa, anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Dokotala zinamuwawa kwabasi. Anthu obadwa bere limodzi, ubale wawo uthe chifukwa cha mzere wotuluka m'makina ake? Ayi ndithu.

M'mawa mwake anavala chipewa chotchinga njuchi, anadula yekha chisa m'mng'oma woyandikana ndi matimati aja, n'kuthamangira nacho kuntchito. Anafinya uchi, anausungunula m'kabotolo, anaukhutchumula, n'kuuika m'makina. Makinawo kuchedwa kwake, abale inu! Iye ankangozungulira matebulo, magolovesi ali m'manja. Mzere unayamba kuyenda. Unayenda, unayenda, unafika pamalo paja n'kudutsa osadumpha.

"Mulibe! Mulibe kanthu!" anakuwa. Anawakumbatira akulu a labotale, mayi osasekaseka, mpaka magalasi awo anapendekeka.

"Tandisiya, iwe," anatero mayiwo, koma nawonso akumwetulira. "Ngati m'chisa mulibe, ndiye kuti mankhwalawo akulowera panjira, pakati pa mng'oma ndi botolo. Pita ukaone mmene amasefera."

Dokotala anatuluka liwiro la mtondo wadooka, chovala choyera cha kuntchito chikadali m'thupi. Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kupeza mayi ake ali kukhitchini akusefa uchi. Pakamwa pa ndowa anali atamangapo kansalu kobiriwira ka timabowo, uchi ukudontha bwinobwino. Dokotala anangoti maso tong'o. Kansaluko anakazindikira.

"Amayi, imeneyi si neti ya udzudzu?"

"Yatsopano, mwanawe, palibe anagonamo. Bambo ako anaidula okha. Imasefa kuposa sefa, phula silidutsa olo pang'ono."

"Mayo ine! Netitu imabwera yonyikidwa kale m'mankhwala ophera udzudzu!"

Kuseka ndi misozi zinamubwerera pamodzi. Anathamangira pakhonde pamene bambo ake ankakhoma mng'oma watsopano, n'kuwagwira mkono.

"Bambo, njuchi zanu zilibe mlandu! Uchi wa m'chisa ndauyeza, uli bwinobwino. Mankhwala aja akuchokera mu neti imene mukusefera. Ingoitayani basi!"

Bambo anaponya nyundo uko, n'kuyamba kuvina pakhonde pomwepo, mawondo akulira ngati chitseko chakale. "Sindinanene ine? Uchi wanga! Mayi ake mwana, tabwerani mudzamve Dokotala wathu!" Mayi anatuluka akululutira, manja ali nyatanyata ndi uchi.

Kenako bambo anangoima, mwendo umodzi uli m'malere.

"Ndiye kuti si matimati?"

"Si matimati, bambo."

"Kalanga ine, mng'ono wanga!"

Anathamangira kuseri, Dokotala ali pambuyo. Anawapeza bambo aang'ono atawerama m'munda mwawo, thukuta lili kamukamu, akuzula matimati. Mitengo yolemera ndi zipatso zosapsa ankaiunjika pambali pa mpanda. Theka la munda linali litatha kale.

Bambo aang'onowo anadzutsa mutu n'kupukuta nkhope ndi malaya.

"Achimwene, musadandaule, ndimaliza lero lomwe. Njuchi zanu sizidzavutikanso."

Bambo anagwada m'dothi, anatola mtengo umodzi wofota pamulu paja, n'kuyamba kukumba ndi manja kuti aubwezere m'dzenje lake.