Galimoto ya Chiwaya ya a Fryson

"Ayi alamu, zimenezo ine ndakana," anatero a Ezekiel, akukankhira kapu ya tiyi pakati pa tebulo. "Mkulu wa mpingo aperekezedwe kumanda ndi galimoto ya mfuti? Anthu akajambula n'kutumiza kumudzi, ine ndikayankha chiyani?"

Matilda anangochotsa kapuyo patebulo. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwalirireni amuna ake, a Fryson Kaliwo, ndipo nyumba yawo ya ku Maryhill, kuno kudziko la Askoti, inali isanapumeko. Amayi a mvano ankalowa ndi kutuluka, nsapato zili mbwee pakhomo, ketulo ikungolira. Maliro a kuno sathamanga ngati a kwathu. Thupi limadikira mapepala, amoyo n'kumatheratu pang'onopang'ono. A Ezekiel, akulu awo a malemu, anafika Lolemba kuchokera ku Leeds, ndipo chifikireni anali asanasowe chokana.

Nkhani yake inali iyi. A Fryson anali makaniko wa mabasi, koma Loweruka lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi ankapita ku shedi ina m'mbali mwa ngalande. Kumeneko iwo ndi madala anzawo atatu achiskoti ankamanga galimoto yofanana ndi zoyamba zija za nkhondo, zokutidwa ndi zitsulo, mfuti ya chiwaya ili padenga. Tsopano madalawo anapempha kuti galimotoyo idzatsogolere bokosi kuchokera pachipata cha manda mpaka kudzenje. Oyendetsa maliro ankafuna yankho tsiku lomwelo isanakwane folo koloko, ndipo woyankha anali Matilda.

Kunena zoona, iye ankadana nayo galimotoyo. Ankaitcha mkazi mnzake, ndipo sikunali kuseka kokha. Kumaukwati ankapita yekha. Majumbo a kumsika ankakwera nawo masitepe yekha. Munthu wofatsa chonchija, woti kupha nkhuku ankapempha aneba, anakalamba akusewera usilikali ngati mwana! Ngakhale imfa inawapeza Loweruka m'mawa, atawerama kumanga nsapato zoti apite komweko. Matilda ankafuna kulira amuna ake bwinobwino, koma mkwiyo unkamulepheretsa, ndipo zimenezi zinkamutopetsa kuposa alendo.

"Mami, at least kaioneni kaye," anatero mwana wake Chiyanjano, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chimayenda motsimphina. "Simunapiteko even kamodzi."

"Ndikaone chiyani? Zitsulo?"

"Tiyeni tipite, alamu," analowerera a Ezekiel, akuvala jekete. "Ndikawauze ndekha madalawo pamaso. Zokana pafoni ndi zachibwana."

Anayenda wapansi m'mbali mwa ngalande, mvula ikuwaza kamodzikamodzi. A Ezekiel ankayeseza mawu awo njira yonse. Matilda ankangoponya miyendo.

Pashedipo anawalandira a Archie, mdala wamtali wowonda, chipewa chili m'manja. Anapepesa m'Chingerezi chawo chija chomeza mawu, kenaka anakoka chinsalu chachikulu.

Chinthucho chinali chonyansa kuposa mmene Matilda ankaganizira. Chotuwa, chachitali, matayala owonda, mawindo ake timing'alu tongokwana maso. Padenga panali chonga mgolo wodula pakati, mfuti itasuzumira kutsogolo. A Archie anafulumira kunena kuti mfutiyo ndi paipi ya madzi chabe, siingaphe ndi khoswe yemwe. Anatsekula kutsogolo n'kuwaonetsa injini. Yonseyo, anatero, ndi manja a Fryson. Anaipeza itachita dzimbiri pafamu ina, naidzutsa yekha.

A Ezekiel anakonza kukhosi. "Bambo, tikuthokoza chikondi chanu. Koma ife monga banja la Chikhristu..."

"Ankakhala pati?" anadula Matilda. Mawuwo anatuluka owawa kuposa mmene anafunira. "Pachiwongolero, kapena pamfutipo? Ndione pamene ankandisiyira ine."

A Archie anamuyang'ana modabwa. "Mkatimu? Fryson sanalowemo, mayi. Ngakhale tsiku limodzi."

"Zaka khumi ndi chimodzi?"

"Tinamunyengerera mpaka tinatopa. Tsiku limene injini inalira koyamba tinamuuza kuti ulemu ndi wake, ayendetse. Anakana. Anati malo ake ndi kumbuyo. Bwerani muone."

Anazungulira galimotoyo. Kumbuyo kwake, pachitsulo chotsekera, penti inali itatha malo awiri oyandikana, chitsulo chikuwala ngati supuni yakale. Sipanafunike wofotokoza. Zinali zikhato ziwiri za munthu.

"Poitulutsa panja sankalola kuti tiilize," anapitiriza a Archie. "Ankati iyambe yakankhidwa. Ife tinkathandiza m'mbalimu, koma apa panali pake. Tinapentapo kawiri. Kachitatu anatipempha kuti tipasiye. Titafunsa anangoti ndi za agogo ake, basi. Munthu uja sankachulutsa mawu."

Matilda anacheukira alamu ake. A Ezekiel anali atakhala pa chitini cha mafuta, mawu onse oyeseza aja atawathawa.

"Agogo Kaliwo," anatero a Ezekiel m'Chichewa, ngati akudziyankhulira. "Anawagwira pa nkhondo ya chiwaya, ali mnyamata, kuti akhale mtengatenga. Anzawo ankasenza makatoni a zipolopolo. Iwo anawaika pa galimoto ngati imeneyi, uko ku Tanganyika. Ikatitimira m'matope, iwo kumbuyo. Paphiri, iwo kumbuyo. Madzinja awiri, alamu, opanda nsapato, azungu ali mkati. Ena ankagwa pomwepo n'kuwasiya. Iwo anabwerako msana utapindika, ndipo mpaka kufa kwawo sanadziwe kuti mkati mwake mumaoneka bwanji."

Anapukuta kumaso ndi chikhato.

"Ankatisimbira tili ana, akuonetsa mmene ankakankhira pakhoma la nkhokwe. Ife tinkafa nacho chiseko. Tinkawayeseza kuseri. Fryson yekha ndiye sankaseka." Anapukusa mutu. "Ine ndinaziiwala zonsezi. Wamkulu ndine, koma ndinaiwala."

Matilda anamva manyazi ndi chisoni zikumugwera nthawi imodzi. Bwanji a Fryson sanamuuze? Kapena anayesapo, tsiku lina Loweruka, iye ali kalikiliki kulalata za majumbo? Anakumbukira mmene ankabwerera madzulo, akudzigwira m'chiuno, n'kukhala phee osapempha ngakhale madzi otentha. Iye ankati ndi matenda odziputira, ndipo ankawauza zimenezo. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni malirowo, misozi inatuluka yopanda mkwiyo. Inali yochepa, pakuti thupi linali litatopa, koma inali ya amuna ake.

A Archie, amene sanamve kanthu pa zonsezi, ankapotokola chipewa chawo. "Mukakana sitidandaula, mayi. Tikudziwa kuti ndi chinthu chachilendo pamaliro."

Matilda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ibwere," anatero m'Chingerezi. "Koma injini musadzailize. Ndipo mkatimo mudzakhale mmodzi yekha, wogwira chiwongolero."

"Kuchokera pachipata pali kachitunda, mayi. Ndi yolemera."

"Kumpingo kuli amuna ambiri. Sabata yonse akhala akumwa tiyi wanga."

Anayang'ana a Ezekiel, kudikira kuti akane monga mwa masiku onse. Akuluwo anaimirira pang'onopang'ono, maondo akulira. Anavula jekete lawo lakuda, nalipinda bwinobwino, n'kuliika pachitini paja. Kenaka anapinda manja a malaya.

"Alamu, gwirani apo. Ine ndigwira apa."

Matilda anaika dzanja lake pa chikhato cha kumanzere, a Ezekiel pa cha kumanja. Chitsulocho chinali chozizira ndi chosalala, ndipo dzanja la Matilda silinadzaze malowo.

"A Archie," anatero a Ezekiel, "tachotsani buleki. Tiyese."