Chinsalu cha Bungwe Chinalowa M'kalasi

Ndinalowetsa sizasi m'chinsalucho Lachitatu m'mawa, aphunzitsi athu a Exantus atagwira kumutu.

"Mayi Filomèn, mutimangitsatu. Chimenechi n'cha abungwe."

"Gwirani mbali iyo, musiye kunjenjemera ngati nkhuku yonyowa."

Mphepo yamkuntho itagwetsa sukulu yathu kuno ku Chambellan, bungwe lina lakunja linatikhomera tenti. Linabweretsanso mabuku, choko ndi chinsalu chabuluu chachitali ngati msewu, cholembedwa dzina lawo, choti chizipachikika pakhomo. Patatha masabata atatu, m'tentimo munali ana asanu ndi anayi okha. A Nadège, dona wa bungwelo wochokera ku likulu la dziko lathu, ku Port-au-Prince, anati akadzapezanso mabenchi ali mbee Lolemba, tenti ndi mabuku zipita mudzi wina.

Iwo ankati makolofe sitidziwa ubwino wa sukulu, mpaka anatikhazika padzuwa maola atatu kutiphunzitsa ubwinowo. Koma kuno ndani angatumize mwana kusukulu wopanda yunifomu? Yunifomu zinapita ndi madzi. Mayi alolera kugona ndi njala, osati mwana wake adutse pamsika atanyamula kope ali m'malaya akumunda.

Makina anga osokera anapulumuka chifukwa ndinawakhalira mpaka mphepo inatha. Ndinaitana Jezila ndi Elvina, anzanga a kutchalitchi, tinasoka mayunifomu ndi chinsalu chija masiku anayi. Nsaluyo inali yolimba ngati chikumba, masingano asanu anathyoka. Tizidutswa totsala tinapangira atsikana maliboni a m'tsitsi.

Lolemba anabwera ana oposa makumi asanu, nsapato zikuwala ndi mafuta ophikira, akamayenda mayunifomuwo kumangomveka khwakhwakhwa. A Nadège atatsika galimoto anayang'ana pakhomo pa tenti.

"Aphunzitsi, chinsalu chathu chili kuti?"

A Exantus anatsokomola, n'kuloza ine ndi mlomo.

"Chili m'kalasi, mwanangu," ndinatero. "Chikuphunzira masamu."

Analowa. Ana anaimirira kupereka moni, dzina la bungwe litamwazika ponseponse, chilembo china pamimba, china paphewa. Chizindikiro chawo, kachithunzi ka dziko lapansi, chinali pamatako a kabudula wa mdzukulu wa Jezila. Donayo anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo.

"Mayi, ana ndawaona, ndakondwa. Koma popanda chithunzi cha chinsalucho mabwana akunja sakhulupirira kuti tinafikako kuno. Tentiyi aichotsabe."

"Ndiye vuto ndi limenelo basi? Aphunzitsi, tulutsani ana."

Tinawafoletsa panja motsata zilembo. Zinatitengera ola lathunthu, chifukwa Elvina sadziwa kuwerenga ndipo matumba ena anawasoka chadodolido, moti mwana mmodzi anachita kuima ndi manja, a Exantus atamugwira miyendo. Theka la anawo linayenera kufulatira kamera. Mdzukulu wa Jezila anawerama kumapeto kwa mzere, dziko lapansi lili m'mwamba.

"Asasunthe ameneyo," anatero a Nadège, misozi ya phwete ili mbwee, n'kujambula.

Tenti ilipobe. Ndamva kuti chithunzicho anachipachika mu ofesi yawo yayikulu.

Tsono inu ogwira ntchito m'mabungwemu, chitaniko bwino ulendo wina. Musanatsitse katundu m'galimoto, funsani kaye mayi mmodzi chimene chamusunga mwana wake pakhomo. Ndipo nsalu muzibweretsa yofewa, ana athu atuluka nazo zidzolo.